Matenda Osamva Mankhwala: Kodi Wosamva Ndani?

Mneni wakuti “kumva” amasenza katundu wambiri m’Chichewa. Khutu limamva mawu, thupi limamva ululu, mlendo amene wakhalitsa pamudzi amayamba kumva chiyankhulo cha eni dera, ndipo mwana amene watumidwa kuchitsime n’kupitadi amayamikiridwa kuti ndi womva. Motero mawu amodzi omwewa akunena za phokoso, za zowawa, za nzeru ndiponso za khalidwe. Achipatala atafuna dzina la matenda amene akanika kugonja, anatola mneni yemweyu, ndipo lero anthu amakamba za chifuwa chachikulu chosamva mankhwala kapena malungo osamva mankhwala popanda wodabwa. Komatu mawu akamasamukira kumalo atsopano sasiya katundu wawo m’mbuyo. M’mawu akuti “wosamva” muli kafungo ka mlandu, pakuti pamudzi wosamva ndi munthu amene anauzidwa, nakana dala. Funso n’lakuti: khansa ikasiya kumva mankhwala amene dzulo ankaigwetsa, kodi wolakwa ndani, nanga wodwala ayenera kuuzidwa chiyani pa tsiku limene akulandira piritsi loyamba?

Funsoli limaoneka bwino pa mankhwala ena a khansa ya m’mapapo, amene mbiri yawo imayambira pa ana a mbewa. M’chaka cha 1962, Stanley Cohen wa pa Vanderbilt University ku America anafalitsa zimene anaona atabaya ana a mbewa ongobadwa kumene ndi madzi ochokera m’tiziwalo topanga malovu ta mbewa zikuluzikulu. Anawo ankatsegula maso msanga, ndipo mano awo ankatuluka nthawi isanakwane. Chimene chinkafulumizitsa zimenezi chinali puloteni yaing’ono imene inatchedwa EGF, yomwe ntchito yake ndi kuuza maselo kuti akule ndi kugawikana. Uthenga uliwonse umafuna woulandira. Pakhungu la selo pali puloteni ina, yotchedwa EGFR, imene mbali yake imodzi ili kunja ngati khutu, ina ili m’kati ngati pakamwa. EGF ikafika pa mbali yakunja, mbali ya m’kati imadzuka n’kupereka lamulo lakuti selo ligawikane. Chifukwa cha ntchito ya mtundu umenewu, Cohen analandira mphoto ya Nobel m’chaka cha 1986 pamodzi ndi Rita Levi-Montalcini.

M’thupi labwino khutu limeneli limakhala phee mpaka uthenga utafika, ndipo chilonda chikapola uthengawo umaleka. Koma mwa odwala ena a khansa ya m’mapapo, zilembo zochepa m’malangizo a chibadwa opangira EGFR zimasokonekera, ndipo khutulo limayamba kumva lamulo limene palibe wanena. Usana ndi usiku limakakamiza selo kugawikana mpaka chotupa chitadzaza m’chifuwa. Selo lotereli ndi lomvera mopitirira muyeso, lomvera ngakhale mawu amene kulibe. Mankhwala akale a khansa amapha selo lililonse logawikana mofulumira, n’chifukwa chake tsitsi limathothoka ndipo magazi amachepa. Zili ngati kutentha tchire lonse pofuna mbewa. Maganizo atsopano anali akuti pakhale mankhwala olunjika pa khutu losokonekeralo. Mbali ya m’kati ya EGFR ili ndi kamphako kamene mumalowa ATP, yomwe ndi mafuta oyendetsera ntchito za selo. Mankhwala akakhala m’kamphakomo, ATP imasowa polowera, lamulo silituluka, ndipo selo limene linkadalira lamulolo limafa.

Mankhwala a gefitinib, ogulitsidwa ndi dzina lakuti Iressa, analoledwa koyamba ku Japan m’chaka cha 2002 ndipo ku America m’chaka cha 2003. Zotsatira zake zinaimitsa mitu madokotala. Ku America, mwa odwala 10 alionse, pafupifupi mmodzi yekha ndiye ankaona chotupa chikuphwa, koma mmodziyo nthawi zina ankachita kudzuka pamphasa: munthu amene ankabanika ankayamba kuyenda patangopita masabata ochepa. Ambiri mwa opindulawo anali amayi, anthu amene sanasutepo fodya, ndiponso anthu a kum’mawa kwa Asia. M’chaka cha 2004 magulu a akatswiri ku Boston ndi ku New York anapeza chifukwa chake: opindulawo anali amene zotupa zawo zinali ndi EGFR yosokonekera ija. Pa mtundu wa khansa ya m’mapapo wotchedwa adenocarcinoma, kusokonekeraku kumapezeka mwa odwala pafupifupi 10 mpaka 15 pa 100 alionse ku Ulaya, pomwe kum’mawa kwa Asia kumayandikira theka. Popeza kafukufuku wamkulu amene anapereka mankhwalawo kwa odwala osasankha sanaonetse kuti akutalikitsa moyo, America inasiya kuwapereka kwa odwala atsopano mu 2005. Kafukufuku wa ku Asia, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2009, anasonyeza kuti kwa amene ali ndi EGFR yosokonekera piritsili limaposa mankhwala akale poletsa matenda, koma kwa amene alibe limachepera. America inalolanso gefitinib mu 2015, ulendo uno kwa odwala oyezedwa okha.

Chimwemwe cha odwalawo chinali ndi malire. Pakapita miyezi 9 mpaka 13, mwa ambiri chifuwa chinkabwerera ndipo zithunzi za m’mapapo zinkaonetsa chotupa chikukulanso, ngakhale kuti piritsi linkamwedwa tsiku ndi tsiku. M’chaka cha 2005 kunapezeka kuti pa malo a 790 pa mkanda wa timagawo topanga EGFR, kagawo kotchedwa threonine kalowedwa m’malo ndi methionine. Kusintha kumeneku, kotchedwa T790M, kumachititsa kuti kamphako kaja kakumbatire ATP mwamphamvu kuposa mankhwala, ndipo kunkapezeka mwa theka kapena kuposerapo la odwala amene matenda awabwerera. Mu 2007 kunaoneka njira ina: maselo ena amachulukitsa khutu lina, lotchedwa MET, n’kumalandirira lamulo kumeneko. Mu 2011 akatswiri a ku Boston anafotokoza zotupa zimene zinasinthiratu mtundu, n’kusanduka khansa ya maselo ang’onoang’ono imene sidaliranso EGFR. Mankhwala a osimertinib, opangidwa kuti agwire ngakhale pamene pali T790M, analoledwa mu 2015, ndipo m’chaka chomwecho kunalengezedwa kusintha kwina, C797S, kumene kumachotsa malo enieni amene mankhwala atsopanowo amagwirapo. Ataperekedwa monga mankhwala oyamba pa kafukufuku wotchedwa FLAURA, osimertinib analetsa matenda kwa miyezi 18.9 poyerekeza ndi 10.2 ya mankhwala oyambirira aja, ndipo theka la odwala linapitirira miyezi 38.6 lili moyo poyerekeza ndi 31.8. Nthawi inatalika ndithu, koma mathero a nkhani sanasinthe kwa ambiri.

Kodi kusamvaku kumachokera kuti? Peter Nowell wa ku Philadelphia anapereka yankho kale m’chaka cha 1976, pamene analemba kuti chotupa chimasintha m’kupita kwa nthawi monga mmene mitundu ya zamoyo imasinthira. Chotupa chaching’ono ngati nzama chimakhala ndi maselo mamiliyoni mazanamazana, ndipo maselowo safanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Selo likamagawikana limakopera malangizo ake a chibadwa, ndipo pokoperapo limaphonya zilembo zina. Pakati pa namtindi wotere, maselo ochepa amakhala kale ndi kusintha kowateteza piritsi loyamba lisanamezedwe. Ena amapulumuka pokhala ngati agona, n’kudzapeza kusinthako pambuyo pake. Kafukufuku wa mu 2016 anasonyeza kuti njira zonse ziwirizi zimachitika. Mankhwala akapha maselo omva, otsalawo amapeza malo, chakudya ndi mpweya zimene poyamba ankalimbirana ndi anzawo. Mlimi amazidziwa zimenezi: khasu likapalira udzu wonse, dawe amene mizu yake ili pansi penipeni amatsala yekha m’munda, ndipo amakondwa kuposa kale. Choncho kusamva ndi mwana wobadwa kwa mankhwala amene agwira bwino ntchito. Akale anati walira mvula walira matope.

Apa ndi pamene mlandu uja uyenera kuunikidwa. M’mayiko a kum’mwera kwa Africa, anthu ambiri anaphunzira za kusamva mankhwala kudzera m’uphungu wa ma ARV ndi wa chifuwa chachikulu. Phunziro lake linali lomveka bwino, ndipo linapulumutsa miyoyo yosawerengeka: wodumphitsa mankhwala amapatsa kachilombo mpata woti kasinthe, pomwe womwa mokhulupirika akhoza kukhala zaka makumi ambiri mankhwala akugwirabe. Koma phunziro labwino likalowa pakhomo losayenera limasanduka chipsinjo. Wodwala khansa ya m’mapapo yofalikira, ngakhale asaphonye tsiku n’limodzi lomwe, nthawi zambiri amafikabe pa tsiku limene chotupa chiyambanso kukula. Ngati sanauzidwe zimenezi, amayamba kufufuza cholakwa chake: kapena tsiku lija anamwa mochedwa, kapena anadya chosayenera, kapena chikhulupiriro chake chinazilala. Abale nawo amayang’anana, ndipo pamene chifukwa chasowa, dzina la munthu wina pamudzi silichedwa kutchulidwa. Kumwa mankhwala mokhulupirika n’kofunika pa khansa monga pa matenda ena onse, koma sikungalembe lonjezo limene chilengedwe cha chotupa sichinasayine.

Ziyankhulo za kwina nazo zili ndi mlandu wawo. M’Chingelezi cha m’zipatala munazolowereka kanenedwe kakuti wodwala ndiye walephera mankhwala, ngati mwana wa sukulu amene walakwa mayeso, pamene zoona zake n’zakuti mankhwala ndiwo alephera kumuthandiza. Kumayambiriro kwa zaka za m’ma 1900, Paul Ehrlich wa ku Germany anatchukitsa loto la chipolopolo chamatsenga, chimene chikanapeza mdani m’thupi osalasa china chilichonse. Mu 1971 pulezidenti Richard Nixon anasayina lamulo limene anthu analitcha chiyambi cha nkhondo yolimbana ndi khansa. Mu 1978 Susan Sontag, amene iye mwini anadwala khansa ya m’mawere, anatsutsa m’buku lake la Illness as Metaphor mchitidwe wokuta matenda ndi mafanizo amene amawonjezera katundu pa wodwala. Vuto la fanizo la nkhondo n’lakuti limangodziwa zinthu ziwiri, kupambana ndi kugonja. Munthu amene wapatsidwa zaka zitatu za moyo wabwino, nazigwiritsa ntchito bwino, fanizoli limamuika m’gulu la ogonja. Chipolopolo chimawomberedwa kamodzi nkhani n’kutha, koma piritsi ili limamwedwa m’mawa uliwonse, ndipo chimene limagula ndi nthawi.

Ngati mankhwala amagula nthawi, kodi dokotala anene zimenezi pa tsiku loyamba? Otsutsa ali ndi mfundo zolemera. Amati chiyembekezo nachonso ndi mankhwala, ndipo kuuza munthu amene wangoyamba kupeza bwino kuti matenda adzabwerera kuli ngati kumuthira mchenga mu nsima. Amakumbutsanso kuti m’miyambo yambiri ya kuno, kutchula imfa ya munthu wamoyo kumamveka ngati kuiitana, ndipo uthenga wolemera sufikira mwini wake mwachindunji koma umadzera kwa akulu a banja. Amaonjezera kuti ziwerengero zimanena za gulu: pamene theka linapitirira miyezi 38.6, ena anafika zaka zisanu n’kupitirira, ndipo palibe dokotala angadziwiretu kuti wodwala amene wakhala patsogolo pake adzakhala mbali iti. Zonsezi n’zoona, koma zikuphunzitsa kanenedwe, osati kubisa. Mwambo wodzera kwa akulu unakhazikitsidwa kuti uthenga ufike mwaulemu, ndipo wotumidwa amene waubweza panjira waphwanya mwambo womwewo.

Chifukwa chachikulu chonenera zoona n’chakuti nthawi imene yagulidwayo ndi ya wodwala, si ya dokotala kapena ya abale. Munthu amene akudziwa kuti mphamvu zimene wapezazi zili ndi malire amasankha yekha chochita nazo. Wina amamaliza nyumba, wina amakonza za sukulu ya ana, wina amapita kukayanjana ndi m’bale amene anasemphana naye kalekale, winanso amangofuna kudzaona dzinthu za chaka chimenecho zikulowa m’nkhokwe. Amene wabisidwa amaika zonsezi pa mawa, poganiza kuti wachira, ndipo tsiku limene choonadi chidzatulukire mphamvu zidzakhala zitapita. Wobisayo amaganiza kuti wachita chifundo, koma watenga miyezi yabwino kwambiri ya mnzake n’kumusankhira kagwiritsidwe kake. Kunena zoona kumatetezanso chikhulupiriro pakati pa awiriwo. Wodwala amene anauzidwa kuti tsiku lina chotupa chidzafunika kuyezedwanso, ndi kuti pangadzakhale mankhwala ena oyesa, amalandira tsikulo monga gawo la ulendo umene anaudziwa. Amene analonjezedwa machiritso amalilandira monga umboni wakuti ananamizidwa, ndipo mawu otsatira a dokotala sawamvanso.

Palinso phunziro lina limene fanizo la nkhondo limabisa, ndipo umboni wake wina unapezeka ku Malawi. M’chaka cha 1993 dzikolo linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine monga mankhwala oyamba a malungo, chifukwa tizilombo tinali titasiya kumva. Kafukufuku wa ku Blantyre anasonyeza kuti chizindikiro cha kusamvako chinatsika kuchoka pa 85 pa 100 alionse mu 1992 kufika pa 13 m’chaka cha 2000, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2006 zinaonetsa chloroquine akuchiza pafupifupi ana 99 pa 100 alionse. Tanthauzo lake n’lakuti kusamva kuli ndi mtengo wake: mankhwala akachoka, tizilombo tosamva timapambanidwa ndi tomva. Robert Gatenby wa ku Moffitt Cancer Center ku Florida anafunsa mu 2009 ngati nzeru yofananayo ingagwire ntchito pa khansa imene singachizike. M’malo mofuna kupha selo lililonse, dokotala angasiye dala maselo ena omva kuti azipanikiza osamva. Pa kafukufuku wa khansa ya prostate wofalitsidwa mu 2017, odwala 11 ankaimitsidwa mankhwala chizindikiro cha m’magazi chikatsika ndi theka, n’kuyambiranso chikakwera, ndipo ambiri anakhala nthawi yaitali matenda osakula ngakhale anamwa pafupifupi theka la mankhwala. Gulu limeneli linali laling’ono, khansayo inali ya mtundu wina, ndipo pa mankhwala a EGFR njira yovomerezeka ndi kumwa mosadukiza. Wodwala amene angadziimitse yekha angadzivulaze. Komabe ganizolo likufunsa funso loyenera: kodi cholinga ndi kupha maselo ambiri, kapena kusunga munthu nthawi yaitali?

Pomaliza pali nkhani ya chilungamo. Popeza kusamva kumabadwa m’kuchuluka kwa maselo, chotupa chikapezeka chikadali chaching’ono mwayi woti mukhale maselo osamva umachepa. HER2 ndi khutu la banja limodzi ndi EGFR, ndipo mu 2005 kunaoneka kuti mankhwala a trastuzumab, akaperekedwa pambuyo pa opaleshoni kwa amayi amene khansa yawo ya m’mawere ili ndi HER2 wochuluka, amachepetsa kubwerera kwa matenda pafupifupi ndi theka. Mu 2023 kafukufuku wa ADAURA anasonyeza kuti mwa odwala m’mapapo amene anachitidwa opaleshoni n’kulandira osimertinib, 88 pa 100 alionse anali moyo patatha zaka zisanu, poyerekeza ndi 78 mwa amene sanalandire. Mankhwala omwewo amene amagula miyezi kwa wofika mochedwa amapulumutsa miyoyo ya ena ofika msanga. Koma kufika msanga kumafuna chipatala chapafupi, makina ounikira ndiponso labotale yotha kuyeza EGFR, pakuti popanda kuyezako piritsi limaperekedwa mwachimbulimbuli monga zinalili mu 2003. Bungwe la World Health Organization linaika trastuzumab pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2015, ndipo erlotinib, m’bale wake wa gefitinib, mu 2019, patatha zaka 17 kuchokera pamene odwala a ku Japan anayamba kumwa mankhwala a mtunduwu. Munthu amene chifuwa chake chathandizidwa miyezi yambiri ngati chifuwa chachikulu, n’kudzazindikirika mochedwa kuti ndi khansa, amafika ndi chotupa chimene maselo ake osamva achuluka kale. Gawo limenelo la kusamva lili ndi eni ake, ndipo eni akewo sali pabedi la wodwala.

Motero mneni uja akubwerera ndi matanthauzo ake onse anayi, ndipo lililonse lili ndi mwini wake. Selo silimva mankhwala, koma lilibe mlandu, pakuti silinauzidwe kanthu ndipo silinakane kanthu. Langotsala pamene anzake afa. Wodwala amamva ululu, ndipo sayenera kusenzetsedwanso manyazi a chinthu chimene sanachite. Dokotala ndi abale ali ndi udindo womuthandiza kumva, m’tanthauzo la kuzindikira, kuti chimene walandira ndi nthawi, kuti nthawiyo ndi yamtengo wapatali, ndiponso kuti ndi yake. Tanthauzo lotsala, la mwana wotumidwa kuchitsime, likugwera amene amagawa chuma cha mayiko ndi amene amaika mitengo ya mankhwala. Iwowa anauzidwa kale, ndi ziwerengero zomveka, kuti kuchedwa kumabala kusamva. Ngati pali woyenera dzina lakuti wosamva, ayenera kufunidwa pakati pa amene ali ndi makutu.